Mlatho wa Zingwe Umene Sindinauwoloke

Lolemba

Manyazi alawirira sabata ino. Ndaweruka kusukulu, ndagwada pamkeka patsogolo pa tivi, maso ndatsinzina, kaseti ya gemu ili pakamwa. Ndikuiuzira kuti fumbi lichoke, monga timachitira ikakana kuyaka. Potsegula maso, alamu anga a Lufeyo a ku Dwangwa aima pakhomo, chipewa chili m'manja, mutu aweramitsa. Akudikira kuti ndimalize pemphero.

"Ameni," akutero. Kenaka aona chimene ndagwira. "Aphunzitsi, koleji yonse ija, mapeto ake kupsompsona kabokosi?"

Akuti akungodutsa, anyamuka ndi basi ya mawa. Chikwama chawo n'cha munthu wosamuka mudzi.

Ndilembe pano chuma changa, mwina ndingadzaiwale kuti ndinali munthu. Tivi yaing'ono yopanda mitundu. Batire la galimoto. Makina a gemu amene anandibweretsera mng'ono wa a Saidi atelala, uja amachita malonda ku Dar es Salaam. Kaseti ndi imodzi yokha, ya kamunthu konyamula nyali m'mapanga. Pa Benga ponse pano amene anakatulutsa kamunthuko m'phanga lomaliza ndi ine ndekha. A Saidi amafera pa mileme. A Chirwa a kuchipatala safika ndi pa mileme pomwe. N'chifukwa chake pamsika amanditchula Katswiri, ndipo dzinali ndimaliyankha msanga kuposa la ubatizo.

Loweruka likubwerali mng'ono wa a Saidi abweretsa kaseti yatsopano: ulendo wa m'nkhalango, mitsinje, zipata. Ndaidikira chiyambire dzinja.

Cholakwa changa choyamba: ndawauza alamu.

"Ya mlatho wa zingwe ija? Iiih! Kalaliki wa kwathu ku esiteti akuidziwa. Palibe munthu anawolokapo mlatho woyamba. Palibe, alamu."

Ndaseka nawo. Tiyi wanga wazizira m'kapu.

Lachiwiri

Basi yadutsa. Alamu aibayibitsa ali pampando wanga wandalema.

Mlendo safunsidwa tsiku lonyamuka. Komanso awa ndi achimwene a akazi anga, Nankhoma, ndiwo eni mbumba. Ine mkamwini ndingayambire pati?

Apita kumsika kukagula fodya, mphekesera apita nayo. Pobwera yanenepa. Tsopano akuti:

1. Pansi pa mlathowo pali ng'ona zosawerengeka.
2. Kamunthuko kali ndi moyo umodzi basi. Ukagwa, wayambiranso.
3. Kalaliki uja anasewera masiku atatu, chala chinatupa ngati mbatata.
4. Tivi ina ku Lilongwe inatulutsa utsi.

Ndiganize ngati munthu wophunzira. Kodi n'zoti n'kuda nazo nkhawa? Alamu kasetiyo sanaione. Kalalikiyo sindimudziwa. Tivi siipsa chifukwa cha ng'ona. Ine amene ndimauza ana m'kalasi kuti asamakhulupirire zakumva, ndiope mlatho wojambula? Ayi ndithu!

Komabe kukonzeka si mantha. Dongosolo la sabata ino:

Kusewera kaseti yakale kawiri patsiku.
Kulimbitsa chala chachikulu potongola chimanga.
Kujambula mlatho papepala n'kuuphunzira.
Kusauza aliyense tsiku limene kaseti ifike, kuti ndiyambe ndaiyesa ndekha, chitseko chotseka.

Mfundo yachinayi yafa dzuwa lisanapendeke. A Saidi auza kale anzawo onse potuluka mumzikiti.

Lachitatu

Batire latha!

Ine ndili kusukulu, alamu alumikizako wailesi yawo tsiku lonse, kumvera za ndale. Chibwerere matipate asintha chipani katatu, ndipo malaya a zipani zonse zitatu ali m'chikwamamo. "Ndi demokalase, alamu, munthu azimva mbali zonse." Mbali zonse zamveka. Batire langa ndilo lasowa mawu.

Ndalimanga pakaliyala, ndapalasa njinga mpaka kwa makanika. Akuti mzere ndi wautali, ndidzalitenge Lachisanu. Masiku awiri opanda kusewera.

Chatsala ndi chimanga. Ndatongola lichero lonse ndi chala chimodzi. Katuza kabuka. Nankhoma akuti, "Bambo, kasetiyi izibwera mwezi uliwonse." Chikwatirane sanandionepo pafupi ndi lichero.

Mlatho ndaujambula kuseri kwa pepala la maphunziro a mawa. Ndauyang'ana kwa nthawi ndithu. Kujambula chinthu chimene sunachione kulibe phindu, koma ng'ona zanga zatuluka bwino. Ahedi alipeza pepalalo patebulo.

"Tamva kuti Loweruka kuli mayeso anu, a Katswiri. Tidzabwera kudzayang'anira."

Amati mlendo ndi mame. Mame awa dzuwa lawalephera.

Lachinayi

Msonkhano wa osewera pakhonde la a Saidi, iwo akupalasa makina osokera. Mutu wa nkhani: tide nkhawa kapena ayi? Masiku ano nkhani iliyonse imatha ndi voti, ndiye tavota. Oti tisade nkhawa: a Saidi ndi a Chirwa. Oti tide nkhawa: alamu, amene sanaitanidwe, ndipo akweza manja onse awiri. Ine monga wapampando sindinavote. Dzanja linali lolemera.

A Saidi akuti, "Inshallah, tikagwa tigwa. Kamunthuko si m'bale wanga."

A Chirwa akuti, "Ine ndimafa poyambirira pomwe m'kaseti iliyonse. Kwa ine palibe chasintha."

N'zoona. Anthu awiriwa alibe chotaya. Akagwa, agwa telala ndi wachipatala. Ndikagwa ine, wagwa Katswiri, pamaso pa Benga yense, ndipo Lolemba ndidzaime pansi pa mtengo wa mango kuphunzitsa ana amene makolo awo anandiona ndikudyedwa ndi ng'ona. Dzina lina adzandipatsa pomwepo. Anthu a kuno dzina akakupatsa salichotsa, limakaperekeza ndi maliro.

Agwirizana kuti woyamba kugwira makina ndidzakhale ine. "Ife tidzaonere kwa inu," akutero a Chirwa, mwaulemu ndithu.

Mphekesera ya lero: kalaliki uja anagonekedwa m'chipatala, mkazi wake n'kumuthawa. Ndafunsa alamu dzina lake. Akuti ndi munthu wamanyazi, sangakonde kutchulidwa.

Asodzi a kudoko atumiza uthenga kuti Loweruka sakoka ukonde. Mayi wogulitsa zitumbuwa akufunsa ngati angadzaike beseni pabwalo panga.

Lachisanu

Batire labwera. Ndalumikiza mothamanga, ndaika kaseti yakale, kamunthu kanga ka nyali. Alamu akoka mpando, akhala pambali panga, akutafuna nzimbe m'khutu mwanga.

Ndafera pa mileme.

Pa mileme! Pofera a Saidi! Ndayambiranso. Ndaferanso pomwepo. Kachitatu sindinafike n'komwe, ndagwera m'dzenje limene ndimalilumpha ndikucheza ndi anthu.

"Nanga mawa ndiye kudzakhala bwanji?" akutero alamu, mwachisoni, nzimbe ili kutsaya.

Ndayang'ana katuza ka Lachitatu kaja. Kang'ono ngati njere ya mpunga, kayamba kale kuuma. Pomwepo nzeru yandibwerera, ya mtundu uja umabwera munthu ukathedwa.

Ndapita kuchipatala dzanja ndalinyamula ngati khanda. Ndauza a Chirwa kuti chala chikuwawa mpaka paphewa, kuti chikutentha, kuti nthawi zina chimachita dzanzi. Mawu ena ndabwereka m'buku la sayansi la Sitandade 8. A Chirwa ndi munthu wokonda ntchito yake. Apaka mankhwala ofiirira, akulunga bandeji, akulunganso, mpaka chala chafanana ndi papaya. Alemba m'buku: masabata awiri osagwira kanthu.

Ndatuluka wopepukidwa. Mawa ndidzakhala pampando, ndidzapukusa mutu mwachisoni, anthu adzati, "Akanakhala bwino Katswiri, mlathowu ukanaona." Dzina lapulumuka!

Nankhoma ayang'ana bandeji, ayang'ana ine. "Katuza kaja ndi aka?" Apitiriza kupeta mpunga.

Loweruka

Kaseti yafika ndi basi ya m'mawa, yokulungidwa m'nyuzipepala ya Chiswahili. Tivi taitulutsa pakhonde, pamthunzi. Bwalo ladzaza. Asodzi abwera ndi mabenchi awo. Ahedi avala tayi. Zitumbuwa zilipo.

Ndaonetsa bandeji. Anthu apepesa. Apepesa mwachangu kwambiri, maso ali pa tivi.

A Saidi ndiwo ayamba. Ndipo abale, kukongola kwake! Mitengo ikugwedezeka, timbalame tikudutsa, kanyimbo kake kokoma ngati ka kalimba. Kamunthu kapaulendo kanyamula ndodo ndi kaphukusi. Kayenda, kalumpha chitsa, kafika pamtsinje. Mlatho uja ndi uwu, zingwe ziwiri zikulendewera uku ndi uku.

A Saidi alumpha. Phava, m'madzi!

Bwalo lonse laphulika. A Saidi eni ake aseka mpaka chisoti chagwa, misozi ili mbwembwembwe. Kamunthu kadzukanso pagombe. Kali ndi miyoyo isanu, osati umodzi. Ng'ona ilipo imodzi, yaing'ono, nkhope ngati buluzi wa pakhoma la kalasi. Utsi palibe.

A Chirwa agwa kasanu, aombera m'manja okha. Msodzi wina wagwa, anzake akuti ndi koyamba kumuona akuopa madzi. Ahedi avula tayi, agwa, apemphanso. Aliyense wogwa akuimbiridwa nthungululu. Palibe amene wapatsidwa dzina.

Ine chinsinsi chake ndachiona pa kugwa kwachiwiri kwa a Saidi. Udikire chingwe chipite, chibwere, chipitenso, ndiye ulumphe. Basi! Ndi kovutirapo, inde, koma kuvuta kokoma, kuja kumakuitana kuti yesanso. Chala chikudumpha chokha m'kati mwa bandeji.

Ndati, "Dikirani chingwe chibwerere." Andiyankha kuti odwala azikhala chete.

Ndanong'oneza a Chirwa kuti ululu wachepa, mwina ndingayese kamodzi. Ayankha mokweza, Benga yense akumva: "Ayi, aphunzitsi, ndalemba kale m'buku. Chala chochita dzanzi sitisewera nacho."

Kenaka alamu. Munthu amene chibadwire sanagwirepo makinawa, wowagwira chozondoka mpaka a Saidi awatembenuzire. Agwa kasanu, miyoyo yatha, ayambiranso, agwanso kachisanu ndi chimodzi. Kachisanu ndi chiwiri atsinzina, adina, awoloka.

Awoloka!

Asodzi awanyamula m'mwamba, kuzungulira nawo bwalo, mpaka nkhuku kuthawa. A Saidi awafunsa kuti nanga kalaliki uja zinamuvuta bwanji. "Aaa, iyeyo anangomva kwa dalaivala wa lole ya shuga," akutero, ali pamapewa a anthu.

Kutsidya kwa mlatho kuli mathithi, ndi chipata chachikulu chokhala ndi nyali ziwiri. Kamunthu kangofika pachipatapo, batire latha. Anthu abalalika akuseka, aliyense akufotokoza magwedwe ake. Palibe ndi mmodzi yemwe wanena kuti akanakhala bwino Katswiri.

Lamulungu

Kutchalitchi azimayi a chigwirizano apempherera chala changa. Ndaweramitsa mutu kuposa onse.

Pobwera ndapeza alamu akulongedza. Sabata yonse ndalakalaka kuona zimenezi, koma lero mtima uli zii. Atsiriza kupinda malaya a zipani, akhala pansi, ayang'ana makina.

"Alamu, ndakhala ndikuganiza. Inu masabata awiri simugwira kanthu. Makinawa azingokhala apa kukupatsani mayesero, chala chichedwe kupola. Kwathu ku Dwangwa kuli magetsi, aneba ali ndi tivi. Bwanji ndikakusungireni?"

Munthu woleredwa amati, "Tengani, alamu, ndi zanu zomwe." Mlendo woleredwa amati, "Ayi, ndimangocheza." Ine mbali yanga ndainena bwinobwino.

"Zikomo," atero iwo.

Ndayang'ana Nankhoma kuti andipulumutse. Atulutsa chitenje chakale, akulunga makina ndi makaseti onse awiri, amanga mfundo ziwiri. "Odwala asavutike n'kumanga," akutero, osandiyang'ana.

Ndikanatha kuvula bandeji pomwepo n'kunena zoona. Ndinaganizako. Koma pakhomo panali a Chirwa, abwera kudzazonda wodwala wawo, atanyamula nthochi.

Ndiye yankho la funso la Lachiwiri lija ndi ili, ndilembe kuti ndidzaliwerenge kaseti ina ikadzamveka mbiri. Onse amene sanade nkhawa asewera, agwa, aseka. Amene anada nkhawa zenizeni ndi mmodzi, ine, ndipo nkhalango ija waiona ngati mmene mbuzi imaonera dimba, kudzera kumpanda.

Ndawaperekeza kumsewu, chikwama chawo chili kudzanja langa labwino. Taima nthawi yaitali. Minibasi ziwiri azikana, ina akuti yadzaza, ina akuti dalaivala wake ndi wa chipani chimene anachisiya. Yachitatu akwera. Phukusi la chitenje aliika pamiyendo, alikumbatira.

Minibasi ikunyamuka atulutsa mutu pawindo.

"Chala chikapola mudzabwere, alamu! Ndidzakuphunzitsani powolokera!"

Fumbi litatsika ndakhala pamwala, ndamasula bandeji pang'onopang'ono. Yaitali ngati chingwe cha mbendera. M'kati mwake chala chili bwinobwino, chotuwa pang'ono, chamakwinya, chopanda ndi chipsera chomwe. Ndachipinda kawiri. Chikugwira ntchito.

Ndachikulunganso. Kunyumba a Chirwa akundidikira.