Maliro a Makompyuta

Mapulani adapsa Lachinayi masana pa bala ina ku Kapata, chibuku chili pakati. Wowaphika anali Lemmy Sakala, amene anzake ankamutcha Dokotala chifukwa adakankhapo machira zaka khumi ndi ziwiri pa chipatala chakale cha mishoni, chija achisandutsa yunivesite tsopano. Jakisoni sadamugwirepo, koma dzinalo ankayenda nalo monyada.

"Nyumba ija ndimaidziwa mpaka una wa khoswe," adatero. "Mu wodi ya amuna asungamo makompyuta am'manja atsopano. Loweruka akutsegulira sukulu, alonda maso onse adzakhala pa mpunga."

"Nanga pa geti, bwana?" adafunsa Jonah, wotchedwa Chinsomba kaamba ka mimba yake.

"Pa machira, titafunditsa nsalu yoyera. Unaonapo mlonda akusecha mtembo iwe? Amavula chipewa n'kupatuka."

Chance, wachitatu wawo, adaomba m'manja. Ameneyu ankaombera chilichonse malinga ngati wina akugula.

Panali china chimene Lemmy sadawauze. Mwana wake Tawina adasankhidwa m'gulu loyamba la ophunzira pa yunivesiteyo, ndipo iye adamulonjeza kompyuta pamaso pa abale onse. Lonjezolo linkamudya mumtima kuposa njala.

Loweruka adalowa atavala zikhotho zoyera zobwereka kwa wogulitsa nyama. Machira akale adawapeza kuseri kwa nyumba, gudumu limodzi likulira. Adasanja makompyuta asanu ndi limodzi, pilo kumutu, nsapato za Chance kumiyendo, nsalu pamwamba. Mtembo udaoneka bwino ndithu. Kungoti mwa akuluakulu atatuwo palibe adadzifunsa kuti maliro achokera kuti pamalo pomwe wodwala womaliza adatulukapo zaka zisanu zapitazo.

"Tidzere ku mochale, khomo lake limatulukira kumsewu," adanong'ona Dokotala.

Adakankha chitseko. Mochale ija inali itasanduka holo yoyala matayilosi, ndipo munali amayi a chigwirizano makumi atatu akuyeserera nyimbo za mwambowo. Patsogolo padaima Mayi Millicent Tembo, namwino wamkulu wopuma, yemwe kale ankamukalipira Lemmy m'mawa uliwonse.

"Lemmy! Wayamba liti kuyendetsa maliro ngati thumba la makala? M'nyumba muno munthu sankatuluka popanda nyimbo. Amayi, imirirani!"

Nyimbo idabuka. Zitenje zidayalidwa pamwamba pa womwalirayo, ndipo machira adayamba kuyenda pang'onopang'ono, monga mwambo ufunira. Ophunzira adasiya mipando n'kulondola, ena akuyalanso zitenje zawo. Mlonda adavuladi chipewa. Chinsomba, mwana wa mkulu wa mpingo, adalephera kudzigwira n'kulowa ndi besi. Chance, wopanda nsapato, ankalira misozi yeniyeni. Lemmy ankangoona geti lili apo, koma kuthamanga ndi maliro n'kosatheka.

"Watisiya ndani?" adafunsa Mayi Tembo nyimbo itatha.

"Ndi mlendo, amayi. Wa kutali, ku Kasenengwa uko."

"Mayo ine, kwathu!" adakuwa mayi wina kumbuyo, akukankha anthu. "Achimwene anga amadwala! Ndione nkhope!"

Wofedwa samukaniza nkhope. Lemmy adayesa zoti matendawo ndi opatsirana, koma Mayi Tembo adangomuyang'ana monga ankachitira kale, nachotsa zitenje chimodzichimodzi. Atakweza nsalu yoyera, kudatulukira pilo, ndipo pansi pake makompyuta akadali m'mapulasitiki. Mayi wa ku Kasenengwa adadula kulira pakati. Chinsomba adafuna kuthawa, koma adapezeka ali pakati pa amayi makumi atatu amene adaimbira maliro pilo, ndipo sadali okondwa.

Lemmy zonsezo sankaziona. Chitenje chomaliza kuchotsedwa, chobiriwira, adachigula yekha pa Khirisimasi. Mwini wake adatuluka pagulu la ophunzira, adachitola n'kuchipinda bwinobwino. Manyazi adamugwira Lemmy.

"Atate," adatero Tawina motsitsa mawu, "mukadangondiuza. Ndikadalemba ndi cholembera."

Atatuwo adatulukiradi pa geti lomwe lija, atakhala kumbuyo kwa galimoto ya apolisi. Ulendo uno mlonda sadavule chipewa.