Wometa amene ankafuna duwa la buluu

Mumsewu mwathu aliyense ankadziwa kuti a Buluu, wometa wathu uja, ankasamala mitu ya maluwa kuposa mitu ya anthu. Dzinalo tinawapatsa ndife, ndipo sanalikane. Pakati pa chitseko cha shopu yawo yometera ndi khomo la khitchini ya akazi awo panali chitsamba cha haidirenja, maluwa aja otuluka mitu ikuluikulu ngati kabichi. Khumbo lawo linali limodzi basi: kudzaona ndi maso awo chitsambacho chitatulutsa maluwa a buluu. Koma nyengo yotentha ikafika chinkatulutsa a pinki, pinki wake wochita kunyoza.

Nthambi zimene ankawokera zinali m'zitini, ndipo ankati zimafuna dzuwa la m'mawa lokha. Choncho kukametetsa masana kunali kudziputira dala. Ine anandisiyapo pampando, nsalu ili m'khosi, mutu mbali imodzi uli mbee, mbali ina tchire.

"Mukupita kuti, a Buluu? Ndili ndi ulendo ine!"

"Dzuwa lafika pa zitini. Tsitsi lanu silifota, dikirani."

Ndinadikira ndithu, nanga ndikanalowera kuti ndi mutu woterowo? Aphunzitsi ena osachedwa kupsa mtima ananyamuka, ndipo mawa lake anaphunzitsa tsiku lonse atavala chipewa.

Ukakhala pampandopo sunkathawa phunziro. Ankati duwali mtundu wake umachokera m'dothi: dothi likawawasa limapereka buluu, likadya phulusa limapereka pinki. Pofuna kudziwa pamene zafika, ankatapa dothi n'kulawa, maso ali kumwamba. Masamba a tiyi otsala m'maketulo a msewu wonse ankathera pachitsambapo. Msomali wadzimbiri sankaudutsa, pakuti ankakhulupirira kuti dzimbiri ndiye mankhwala ake. Anazula misomali mpaka pabenchi yodikirirapo makasitomala, ndipo tsiku lina benchiyo inakhala pansi pamodzi ndi a telala ndi a dalaivala. A Buluu anangoti, "Pepani anthuni," uku akutolera misomali yotsalayo.

Mdani wawo sanali kutali ayi, ankagona naye nyumba imodzi. Akazi awo ankakonda pinki, ndipo m'mawa uliwonse ankatuluka ndi mbale ya phulusa n'kulikhuthulira patsinde. Sankabisa, ankachita kuyimba nyimbo.

"Amayi, phulusa limenelo likupita kuti?"

"Kumene limapita masiku onse, abambo."

"Mukundiphera buluu wanga!"

"Wanu uti? Maluwawa akuyang'ana khitchini yanga. Inu muli ndi galasi lanu, muziyang'ana limenelo."

Nkhondo imeneyi inayamba ana awo asanabadwe, anawo anakula mpaka kupeza mabanja awo ikadalipo. Chaka china tiyi ndi phulusa zinalingana mphamvu, maluwa n'kutuluka ngati khungu la biringanya. Onse awiri anakwiya, ndipo kanali koyamba kugwirizana pa nkhani ya chitsambacho.

Atatopa, a Buluu anapita kwa wogulitsa mbande za maluwa n'kusankha haidirenja wotulutsa kale buluu. Anakana woyera, poti woyera samva tiyi kapena phulusa. Anabwera atamunyamula pamutu, akuyenda pakati pa msewu kuti tonse tione, n'kumudzala pambali pa chitsamba chakale chija. Chaka chotsatira nayenso anasanduka pinki. Anabwerera kwa wogulitsa uja mtima uli m'mwamba.

"Munandigulitsa duwa labodza!"

"Achimwene, ine ndinakugulitsani duwa," anayankha wogulitsayo. "Banja munalipeza nokha."

Tinaseka mwezi wathunthu. Mwini wake ndiye ankaifotokoza nkhaniyi kwa aliyense wokhala pampando, sizasi ili m'mwamba, misozi ya phwete ili mbwee.

Kenako manja anayamba kunjenjemera. Anasiya kumeta, n'kumangokhala pampando wa makasitomala umene anautulutsira panja, atafunda bulangete, maso ali pachitsamba. Akazi awo anagwidwa ndi chisoni, phulusa n'kuyamba kukalitaya kudzala mwakachetechete. Sipanapite masiku, a Buluu anazindikira.

"Amayi, phulusa lili kuti lero?"

"Ndasiya, abambo. Chitsambachi n'chanu."

"Mwandiika kale m'manda eti? Katengeni phulusa. Sindifuna kupambana chifukwa chomveredwa chisoni."

Mayiwo analowa m'khitchini, anachedwako pang'ono, n'kutuluka ndi mbale ija maso atafiira. Anakhuthula phulusa patsinde, a Buluu anawalalatira monga mwa masiku onse, ndipo tsikulo anadya bwino. A Buluu anatisiya m'nyengo yozizira, chitsamba chili mitengo yokhayokha. Buluu wawo sanamuone, ndipo zimenezi zimandiwawa mpaka lero.

Shopu ija analowamo wometa wina, munthu wabwinobwino. Amakumeta mwakachetechete, n'kukusasa m'khosi, iwe n'kumapita. Palibe wodandaula, komanso palibe amene amatsalira kuti acheze. Benchi ndi yolimba, koma nthawi zambiri imakhala yopanda munthu. Msewu wathu m'mawa umangoti zii, ndipo ena tinayamba kuchedwa kuntchito, pakuti chimene chinkatidzutsa ndi mkangano uja.

Chimwalirireni amuna awo, mayiwo sanathirenso phulusa pachitsambapo. Dothi silisintha msanga, choncho chaka choyamba maluwa anangoderako. Koma chaka chino, ndikudutsa m'mawa, ndinaima chilili. Chitsamba chonse chinali buluu, mitu ikuluikulu mpaka nthambi kuwerama. Mayiwo anali ataima pakhomo la khitchini, mbale ya phulusa ili m'manja.

"Apambana a Buluu, mayi," ndinatero.

"Apambana chiyani, mwanawe?" anayankha osandiyang'ana. "Akanakhalapo bwenzi atandiitanira msewu wonse kuti udzandiseke. Ndiye taonani, maluwa ali apa, wondiseka palibe."

Anaima pamenepo kanthawi, mbale ikupendekera kutsinde, ine n'kumati akhuthula. Kenako anaiwongola, anazungulira kuseri kwa nyumba, n'kukataya phulusalo kudzala.