Kimika Inandipereka kwa Asipayo

Nkhaniyi akazi anga amati ndisamaikambe pagulu, koma ukalamba wandimasula lilime.

Inali nthawi ya nkhondo, Apwitikizi asanachoke. Ndinkaphunzira pa sukulu ina ya ansembe, ndipo apurofesoro a kimika anatilamula kuloweza mitundu inayi ya mmene zinthu zimasinthira zikakumana. Sintezi, ziwiri kukhala chimodzi. Analize, chimodzi kugawanika. Simplesi troka, china kuchotsa chinzake n'kukhala pamalo pake. Dupla troka, magulu awiri kusinthana anzawo. Mutu wanga unakaniratu. (Mutu womwewu unkasunga miseche yonse ya kwathu ku Lifidzi osataya ndi umodzi womwe.)

Ndiye ndinapeza nzeru. Mu kaderino yanga, buku lolembamo za m'kalasi, ndinachotsa zilembo za apurofesoro za A, B ndi C n'kuikamo anthu a kwathu. Sintezi: a Zakariya + a Naphiri, muvi, banja. Analize: ukwati wa a Domingo umene unatha pokolola nyemba. Simplesi troka ndiye ndinkaikonda: a Benedito ali ku migodi ya ku Joni, a Fulujensiyo n'kuyamba kugogoda kwa a Roza, akazi awo. Za dupla troka sindinena, eni ake akali moyo.

Popita kutchuthi, lole yathu anaiimitsa asipayo, apolisi a boma aja, pafupi ndi Vila Coutinho. Mmodzi anapisa m'chikwama changa, natsegula kaderino ija. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Mayina awa ndi a ndani? Miviyi ikuloza kuti?"

Masiku amenewo mndandanda wa mayina unkatanthauza chimodzi: anthu opititsa chakudya kwa anyamata a kutchire omenyana ndi Apwitikizi. Ndipo olembedwa pa mndandanda wotero akatengedwa, ambiri sankabwerera. Ine ndinali nditalemba mabanja asanu ndi limodzi.

Ku posito ya apolisi anandiimika pamaso pa shefe, mkulu wa pamalopo, mzungu wa maso ofiira. Chipwitikizi changa chonse chinathawa (ndi moni wa "bom diya" yemwe), moti anaitanitsa womasulira. Chitseko chitatseguka, analowa a Benedito. Kani anali atabwerako ku Joni n'kupeza ntchito pomwepo, ine osamva.

Shefe anaika chala pa mzere umodzi. Mwa mizere yonse, womwewo.

"Akuti ufotokoze," anatero a Benedito, akusuzumira dzina lawo papepalapo. "Ndipo inenso ndikufuna kumva, chifukwa ana anga wawaika pa moto."

Ndikakhala chete, anthu a kwathu agwidwa. Ndikalankhula...

"Bambo, ndi kimika. Uyu A ndi inuyo. B ndi mayi a kunyumba. C ndi a Fulujensiyo. A akachokapo, C amalowa."

"Amalowa kuti?"

"M'nyumba, bambo."

A Benedito anatembenukira kwa shefe. Kenako, mawu osanjenjemera ngakhale pang'ono, anamasulira zonse m'Chipwitikizi, liwu ndi liwu. Shefe anatsegula tsamba lina, anaona kimika yeniyeni, ayironi ndi salufa, pansi pa dzina la a Zakariya, ndipo anaphulika ndi phwete mpaka kumenya tebulo.

"Nanga Benedito watsokayu ali kuti?"

"Ndine, senyoro shefe."

Phwete lija linazima. Shefe anandiponyera kaderino n'kuloza kukhomo.

Kunja a Benedito anandigwira dzanja, osafinya. "Zinayamba chaka chiti?" Ndinayankha. (Inde, ndinayankhanso. Mulungu andikhululukire.)

Palibe anagwidwa. Koma sabata isanathe a Roza anabwerera kwa makolo awo, ndipo bambo anga anandiwolotsa malire pa Kalomwe kuti tchuthi ndikathere kwa amalume ku Dedza, poti a Fulujensiyo ankandisaka ndi mpini wa khasu. A Benedito anafika pomwalira osayankhapo moni wanga.

Kimika ndinakhoza, ndithu. Koma chimene ndinatolapo n'china: miseche ndi ya pakamwa, mphepo imaiulutsa. Ukailemba ndi inki, imayenda yokha mpaka kukapeza mwini wake.