Chigaza cha pa zenera lathu

Nkhani iyi ndinkafuna ithere m'kaderino wanga, kope lolembamo zinsinsi, koma poti Lifidzi yense akuidziwa, ndibisiranji.

Chiyambire ubwana, mphuno yanga ya kumanzere siipitisa mpweya bwino. Ndikapuma imaimba kamluzu, ndipo khutu la mbali yomweyo limawawa kukazizira. Chaka chatha amayi anakwera nane shapa, minibasi yakwathu, mpaka kuchipatala cha ku Tete, komwe anandijambula mafupa a mutu. Adotolo anakweza chithunzicho pa nyali.

"Ukuona, mwana? Khoma logawa mphuno yako linapindikira kumanzere. Kuseri kwa khutu kuli fupa la tizipinda ta mpweya, ngati zisa za njuchi. Kumanja tambiri, kumanzere tochepa. Nthawi zina mphuno ikatsekeka, mpweya sufika bwino kukhutu, tizipindato sitikula."

Ndinangogwedeza mutu (pamaso pa akuluakulu ndine wamanyazi). Koma tizipinda tosakulato ndinatimvera chisoni, ndinafuna kutijambula m'kaderino.

Loweruka lina m'mawa, makolo ali kumunda kozula nyemba, ndinamata chithunzicho pa galasi la zenera. Kunja kunali nkhungu yoti nkhokwe yathu osaoneka. M'chipinda munali mdima, choncho ndinayatsa kandulo kuti ndione polemba. Sindinaganize kuti kanduloyo akuwalitsanso chigaza kwa wobwera panja.

Ndinamva mapazi. Anaima.

"Odi..." Anali aNajere, oyandikana nafe.

Ndinaugwira mpweya, manyazi. Utandikanika, mphuno inati fyiii.

"Mayo ine! Chikupuma!" Mapazi aja anathawa.

Munthu wanzeru akanatuluka n'kuwaitana. Ine ndinalowa kunsi kwa bedi. Ndili kumeneko ndinachiona bwino chigazacho: maenje awiri a maso, mano onse pamtunda, nkhungu ikuyenda kumbuyo kwake. Lawi likagwedezeka, chibwano chinkaoneka ngati chikutafuna. Ndinachita mantha ndi mutu wanga womwe.

Patapita nthawi kunamveka anthu ambiri akupemphera kolona motsitsa. Madontho anagunda galasi: akatekisita akuwaza madzi odalitsa. Kenako aNajere ananong'ona (kunong'ona kwawo kumamveka kutsidya kwa dambo):

"Ndinkadabwa nyemba za pakhomo pano kubereka chaka ndi chaka. Si ameneyu amawalimira?"

Amayi anga, omwe zala zinang'ambika ndi chisanu cha kumunda, atchedwe osunga ndondocha? Ndinakwawa, n'kutsegula chitseko.

"Pepani... mutuwo ndi wanga."

Onse anabwerera m'mbuyo.

"Wako?" anatero aNajere. "Nanga uli pakhosipo wabwereka kwa yani?"

Ndinamatula chithunzi chija n'kufotokoza za khoma lopindika ndi tizipinda, maso ali pansi. Akatekisita anachiimika pambali pa nkhope yanga.

"Tayasama, mwana." Anayang'ana uku, anayang'ana uko. "Ndi yemweyu. Onani mpata wa manowu."

Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Makolo pobwera anapeza mudzi wonse ukudzipapasa kuseri kwa makutu.

Dzina la pakhomo linayera, ndipo ndinaphunzira kuti wothawa munthu mmodzi amadzaonekera ku gulu. Koma tsopano amayi achikulire amandiimitsa panjira ya kusukulu, n'kupendeketsa mutu.

"Tandigwira apa, mwanawe. Tizipinda tanga tilipo?"

Palibe chomwe ndimamva koma fupa. Kukana sinditha. Ndimawagwira mosamala, n'kuyankha motsitsa kuti, "Tilipo."