Mphuno za Galimoto Yanga

Lolemba

Kwatsala masiku asanu. Loweruka Esinta akukwatiwa, ndipo wopita naye kutchalitchi ndine, pa galimoto yanga. Yanga! Zaka zonsezi pamudzi pano ndakhala "mkamwini uja," wotumidwa kufolera nkhokwe ndi kupirikitsa mbalame m'munda wa mpunga. Lero apongozi pondipatsa moni akuti, "Mwadzuka bwanji a dalaivala?" Esinta ndi mng'ono wa akazi anga, chitsirizira cha apongozi, ndiye pakhomo pano palibe amene mutu wake uli m'malo.

Akuchimuna ndi a ku Zomba kutauni. Abwera ndi magalimoto onyezimira. Yanga ndi yoyera, yachikulire pang'ono, chitseko chakumbuyo chimatseguka ukachipempha mwaulemu. Ndaitsuka kawiri ndi madzi a pamjigo, osati amatope a m'nyanja ya Chilwa aja. Ikuwala!

Kupatula mphuno.

Pansi pa bampala yakutsogolo pali timapulasitiki tiwiri, kena kumanja kena kumanzere, tokhala ndi timabowo ngati sefa. A Jafali, makanika wa ku Songani, anandiuzapo kuti n'tolowetsa mphepo kuti mabuleki asatenthe. Ine ndimangoti mphuno. Kale zinali zakuda bii. Lero zatuwa ngati miyendo ya munthu wosadzola.

Ndakwera pachulu cha kuseri kwa khola, pokhapo pamene pamagwira netiweki. Vidiyo yophunzitsa kupenta mphuno ilipo pafoni! Mzungu wovala magolovesi akuchotsa mphuno ngati zomwezi, akupopera penti wofiira, akubwezera. Mphindi zinayi basi. Thukuta ngakhale dontho.

Pulani:
1. Lachiwiri: kuchotsa.
2. Lachitatu: kugula penti.
3. Lachinayi: kupenta n'kubwezera.
4. Lachisanu: kupuma, kumeta ndevu.
5. Loweruka: akutauni kukamwa yasa!

Esinta wandipeza nditagwada kutsogolo kwa galimoto. Akuti, "Alamu, galimoto yangayo musaigwiregwire." Ndangoseka. Mwana.

Lachiwiri

Zida: sikuludiraiva imodzi yopindika, mpeni wa kukhitchini, supuni, mphasa yogonapo.

Vuto loyamba ndi vidiyo. Mzungu akalowetsa dzanja kuseri kwa bampala, chithunzi chikuima, kamkombero kaja n'kumangozungulira. Ikayambiranso, mphuno ili kale m'manja mwake, iye akumwetulira. Wachita chiyani kuseriko? Ndakwera chulu kasanu. Ikuimira pomwepo. Amabisa nzeru anthu awa.

Ndagona chagada pansi pa galimoto. Abakha a apongozi abwera kudzaonerera. Abweranso a Likoswe, achimwene a akazi anga, asodzi a ku chilumba cha Chisi amene sanayendetsepo ngakhale ngolo. Akuti, "Alamu, chinthu chikakana, chimenyeni."

Sindinamenye. Ndangokoka mwamphamvu pang'ono.

Mphuno ya kumanzere yatuluka! Potuluka yalira thyo, thyo, thyo. Inali ndi timano tinayi togwirira. Katsala kamodzi.

Ya kumanja ili ndi kabawuti. Ndakamasula bwinobwino, ndakaika pamwala. Kungotembenuka kuti nditenge supuni, pamwala palibe kanthu. Bakha wamphongo, wankhope yofiira uja, akutambasula khosi ngati munthu womeza mapiritsi opanda madzi.

Wameza!!

Kabawuti kameneko n'kamene kamagwiranso ngodya ya bampala. Tsopano bampala yagwetsa mlomo mbali imodzi. Galimoto ikuoneka ngati yalandira uthenga wa maliro.

Bakha ndamuvundikira m'dengu, pansi ndayala thumba. Akazi anga akuti, "Bambo a Chisomo, bakha wa mayi walakwa chiyani?" Ndati ali pa limandi.

Lachitatu

Dengu, m'mawa: zatuluka zambiri, kabawuti palibe. Ndafufuza ndi kamtengo, ntchentche zikundithandiza. Bambo wa ana atatu ine.

Galimoto singayende mlomo uli lende. Ndapita ku Songani pa kabaza, mwini galimoto weniweni, nditakumbatira m'chiuno mwa munthu wonunkha petulo. Panjira aliyense akukuwa, "A dalaivala, yafa kodi?" Siinafe! Ikukongoletsedwa.

A Jafali palibe, apita ku Liwonde. Kabawuti kotere kulibe m'masitolo atatu. Wogulitsa wina akundipatsa msomali wa malata, akuti zonse n'zitsulo.

Penti wopopera wakuda watha. Wofiira watsala chitini chimodzi, chafumbi, chobonyoka pambali. Ndatenga. Sandipepa nayenso ndatenga.

Kufika pakhomo, akazi anga awona chivundikiro chofiira. Akuti mtundu wa ukwati ndi pichi. Pichi n'chiyani? Akuti ngati m'kati mwa papaya wongoyamba kupsa. Maliboni pichi, madiresi a operekeza pichi, tayi ya mkwati pichi. Ndati kufiira ndi pichi n'pachibale, kungoti wina ndi wamkulu. Andiyang'ana cham'mbali. Akayang'ana chonchi amafanana kwambiri ndi mayi awo.

Dengu, madzulo: palibe. Bakha akudya gaga wapadera, wayamba kunenepa. Akundiyang'ana ngati wakuba ndine.

Lachinayi

Tsiku lopenta!

Mphuno ndazitsuka ndi sopo, ndazikwecha ndi sandipepa, ndazipachika ndi ulusi panthambi ya mango. Chitini ndachikhutchumula mpaka phewa kuwawa.

Chimene mzungu sananene: iye ali m'nyumba yotseka. Ife kuno tili ndi mwera wochokera kunyanja, wopanda ndi phiri lomwe loutchinga.

Ndadina. Penti wapita uku:
pankhope panga,
m'makutu mwanga,
pachitseko cha galimoto, chimene tsopano chikudwala chikuku,
pa nkhuku yoyera imene imangodutsa,
pamphuno, pang'ono.

Ndasintha mbali, mphepo ikhale kumsana. Kachiwiri zatheka! Zafiira psuu ngati tomato wa kudimba. Ndaima chapatali, manja m'chiuno. Ndikuwaona kale akutauni akufunsana kuti mkamwini ameneyu anaphunzira kuti. Ndaitana akazi anga adzaone. Sakubwera, atanganidwa.

Atanganidwa ndi kupeta mpunga wa ukwati. Amayi asanu ndi awiri, malichero asanu ndi awiri, kuseri kwa nyumba, komwe kukuchokera mphepo. Akuimba nyimbo.

Ndaona kamtambo kakubwera. Ndathamanga, ndatambasula malaya kuti nditchinge. Mankhusu adutsa pamwamba, pansi, m'khwapa. Onse akakamira pa penti wosauma.

Mphuno zamera ubweya.

A Likoswe aziyang'ana nthawi yaitali. Akuti, "Apa ndiye zakhaladi mphuno, alamu." Aseka mpaka kukhala pansi.

Chitini ndachidinanso. Chikungoti fuuu, mpweya wokhawokha.

Nkhani yabwino ilipo imodzi. Kwafika alendo a ukwati ochokera ku Phalombe, apongozi alamula kuti bakha wa m'dengu aphedwe, poti ndiye wanenepa kuposa onse. Kabawuti kapezeka m'nthutumba! Apongozi akatumiza pa mbale yovundikira, kudzera mwa akazi anga. Katsukika, kakunyezimira kuposa tsiku limene kanapangidwa. Pa galimoto yonse ndi kokhako kamene kakongola sabata ino, ndipo ntchitoyo wagwira ndi bakha.

Lachisanu

Lero linali tsiku lometa ndevu. M'malo mwake ndikumeta mphuno.

Kuyambira m'mamawa ndikupala mankhusu ndi mpeni. Ya kumanja yayera, ndaitsuka, ndaiyanika pathandala la nsomba. Ya kumanzere nayonso yayera. Penti ndiye ndilibe, ndipo ku Songani n'kutali.

A Likoswe abwera ndi chigubu. Penti wa bwato, wabuluu. Akuti, "Ameneyu ngakhale madzi a Chilwa amamulephera." Buluu ndi pichi si pachibale, ndikudziwa. Koma buluu ndi bwino kusiyana ndi mphuno zokalikakalika ngati zalimbana ndi mphaka.

Burashi palibe. Ndapakira nthenga ya malemu bakha. Penti wake ndi wolimba ngati phala la dzulo. Ya kumanzere ndamaliza, ndafunsa kuti auma nthawi yanji. A Likoswe akuti, "Bwato timalisiya sabata." Sabata! Bwanji osanena? Akuti, "Simunafunse."

Ndapita kuthandala kukatenga ya kumanja. Palibe.

Kukumveka fungo. Fungo la pulasitiki wopserera, losakanikirana ndi la mandasi.

Apongozi akukazinga mandasi a ukwati m'chiwaya chachikulu. Chipande chawo chobooka chasowa m'chipwirikiti. Pathandala apeza chinthu choyera bwino, cha timabowo, ayesa n'chovuulira chamakono mwa mphatso za Esinta. Achimangirira kumtengo. Achiviika m'mafuta owira.

Chatuluka chitapindika ngati mlamba wowamba.

Mafuta atayidwa. Mandasi a chiwaya chonse atayidwa, ngakhale agalu angonunkhiza n'kuchoka. Amayi onse akundiyang'ana. Mkamwini sakalipira apongozi. Ndavula chipewa, ndanjuta chapatali, ndapepesa ine. Apongozi akuti, "Zinthu za masiku ano n'zosalimba." Ndati zoona, mayi.

Mmene zilili dzuwa likulowa:
mphuno imodzi, yabuluu, yonyowa, ya dzino limodzi;
mphuno ina, yokazinga;
chitseko cha chikuku;
ndevu zosameta, zofiira mbali imodzi.

Esinta sanaone kanthu. Ali kwa anamkungwi tsiku lonse. Mulungu ndi wabwino.

Loweruka

Kabawuti kabwerera pamalo pake, mlomo wa bampala wakwera. Mphuno yabuluu ndaimanga ndi waya, ndikuigwira ndi timitengo tiwiri ngati mbatata yootcha. Bowo la kumanja akazi anga alitseka ndi maliboni ndi maluwa apulasitiki. Chikuku achibisa ndi mabaluni. Agwira ntchito yonseyi osandiyang'ana. Ukaima patali, n'kutsinzina diso limodzi, galimoto ikuoneka ngati yachita dala.

Esinta watulukira chakumbuyo, nthungululu zili pwirikiti, walowa osaona kutsogolo. Chitseko chatseguka ulendo woyamba! Wakongola mwanayu. Ndinamupeza ali ndi mamina, akulirira nzimbe, lero ali mu velo. Ndayendetsa pang'onopang'ono, maenje onse ndawazemba. Mumsewu amayi akuyala zitenje. Misozi yalengeza pang'ono, ndati ndi fumbi.

Kutchalitchi zonse bwino. Alumbira, avekana mphete.

Panja ndapeza a Jafali, aitanidwa ndi akuchimuna. Anjuta kutsogolo kwa galimoto, asuzumira m'bowo la maluwa. Akuti, "Zolowetsa mphepo zija ndinkanena za magalimoto othamanga. Zanuzi n'zogontha, kuseri n'kotseka." Ndiye zimagwira ntchito yanji? Akuti, "Kutseka bowo." Andionetsanso pochotsera: kachala kamodzi kuseri, kudina, basi. N'zimene amabisa mzungu uja.

Kenako zithunzi.

Wojambula akukuwa, "Mkwatibwi ayime kutsogolo kwa galimoto ya alamu ake! Atsamire pang'ono!" Ndakuwa kuti ayi. Kwaya ikuimba, masipika akulira, palibe wondimva. Ndathamanga, ndapunthwa pa chingwe cha masipika. Nyimbo zazima. Bwalo lonse zii, n'kuona bwinobwino Esinta akuchoka pa galimoto.

Kumbuyo kwa diresi loyera, chakumunsi, kwadindika mphuno yabuluu. Yathunthu. Timabowo tonse tikuwerengeka.

Mayi a mkwati avula magalasi, awapukuta, avalanso. Akazi anga agwira pakamwa. A Likoswe abisala kuseri kwa m'busa.

Esinta wapotoloka, wakoka diresi, wayang'ana. Wandiyang'ana ine, ndili chigonere m'fumbi, chingwe kumwendo. Milomo yake ikunjenjemera, ndati basi, alira, ndipo pamudzi paja ndisamuka lero. Akuti, "Alamu, ndinati chiyani Lolemba?" Kenako waphulika kuseka, mpaka mkwati kumugwirira.

Akazi anga azula maliboni a m'bowo, amanga chimfundo chachikulu cha pichi pamwamba pa chidindo. Esinta wavina nacho masana onse, chikugwedezeka ngati mchira wa nkhukundembo. Azakhali ena akutauni afunsa dzina la telala.

Ine ndapatsidwa ntchito yonyamula mabenchi.

Lamulungu

Kutchalitchi ndakhala kumbuyo. Anthu awiri andifunsa ngati timadontho tapankhopeti n'topatsirana. Ndati ayi. Asunthabe.

Diresi Esinta walisiya kuti tichape. Ndaliviika m'palafini m'beseni. Chidindo chinali ngati chikhatho. Tsopano chili ngati lichero. A Likoswe sananame za penti wawo. Iwo abwerera ku Chisi m'bandakucha, chigubu chawo andisiyira, akuti mwina ndifunanso.

Apongozi pondipatsa moni akuti, "Mwaswera bwanji akamwini?" Udalaivala watha.

Mphuno yabuluu inagwa penapake pobwera kuukwati, sindikudziwa pati. Galimoto tsopano ili ndi mabowo awiri. Ndaiimika moyang'ana kukhoma. Nkhuku ina yayamba kale kuyeza bowo la kumanja, ikulowa n'kutuluka. Iikire, ine ndatopa.

Malamulo atsopano, ochokera kwa akazi anga:
1. Sikuludiraiva ikhala m'sutikesi mwawo.
2. Pachulu ndizikwera pokaimba foni basi.
3. Ndikafuna kukongoletsa chinthu, ndiyambe ndameta ndevu.

Esinta watumiza uthenga ali ku Zomba: "Alamu, musavutike n'kuchapa. Gulani dayi wabuluu, diresi lonse likhale buluu, ndizivala kutchalitchi. Anthu akafunsa ndiziti anasankha ndinu."

Ndiye mawa ndikupita ku Songani kukagula dayi. Akazi anga andilembera kapepala, akaika m'thumba la malaya: "Mugule basi. Musatsegule."