Tambala wa ku Khombedza

Lolemba

Loweruka lino ndi chinkhoswe cha mwana wanga Esinati. Chichitikira pompano, pabwalo la tiirumu yanga, pansi pa mtengo wa mango. Akuchimuna ndi a ku Khombedza, anthu odzimva. Ndamva kuti mayi ake a mnyamatayo anafunsa ngati "mwana wa m'tiirumu" amadziwa kugwira khasu. Adzaona!

Zakonzeka: mpunga wa ku Lifuwu, chimera cha thobwa, mabenchi a kutchalitchi, msoti wonenepa wopatsa akuchimuna.

Masana kwabwera anthu a zipewa ndi chingwe. Akuyeza, akukhoma zikhomo. Chimodzi pakhomo panga penipeni! Akuti msewu wa pakati pa tauni authira phula chifukwa kukubwera Mlendo wamkulu. Bambo a Esinati: "Ndi chitukuko chimenecho, mayi." Iwowa chilichonse ndi chitukuko.

Lachiwiri

Mango adula! Mtengo umene ndinabzala ndili ndi pakati pa Esinati! Kapitawo akuti "umaphimba maonekedwe." Maonekedwe a chiyani? A chimbudzi cha pamsika? Nkhuni zomwe akweza m'lole, osandisiyira ngakhale kanthambi. Ndatsegula pakamwa, ndaona anyamata a chipani ataima poteropo, ndatseka.

Chabwino. Timanga chisakasa.

Lachitatu

Chisakasa amanga m'mawa achimwene anga a Jailosi, omwe ndi ankhoswe a mwanayu. Masana giledala yagwetsa. Woyendetsa wake mpaka kundibayibitsa ngati tinadyerapo limodzi!

Tsopano pakhomo pali ngalande yolekeza m'chiuno. Kulowa m'tiirumu n'kuyenda pathabwa. Makasitomala a lero: kapitawo uja, amene wamwa tiyi n'kungoti zikomo, ndi ntchentche.

Fumbi mu shuga, fumbi m'masikono, fumbi m'mano.

Lachinayi

Abwera a tcheyamani a chipani a dera lathu. Nyumba zonse zoyang'ana kumsewu zipakidwe laimu pofika mawa. Amayi onse kukayeserera nyimbo zolandirira Mlendo. Ndayesa kutchula za chinkhoswe. "Mayi, mukufuna kunena kuti mwana wanu waposa Mlendo?" Ayi bambo, sindikufuna kunena kanthu.

Ndavina tsiku lonse padzuwa la Salima lino, thobwa langa likupserera kunyumba, chifukwa bambo a Esinati, amene ndinawasiyira mthiko, anapita kukaonerera giledala. Munthu wa imvi zake!

Lachisanu

Khoma ndapaka, layera mbee. Lole yothira madzi yadutsa, lafiira psuu. Ndapakanso.

Migolo ya phula akuiwiritsa kuseri kwa khitchini yanga. Mpunga ukununkha phula. Diresi la Esinati likununkha phula. Msoti ukutsokomola ngati nkhalamba ya fodya.

Esinati akulira, akuti tisamutsire mwambowu kumudzi kwa azakhali ake. Ayi! Ndinawauza ndekha a ku Khombedza kuti ife ndife a m'tauni. Ndikawalandirire kumudzi lero?

Loweruka

Phula athira m'mawa, kuyambira kumasitolo mpaka pakhomo panga, ndipo silinaume. Alendo afika atatchena. Asewele anga, mayi wa khasu uja, nsapato imodzi yatsalira mumsewu. Thabwa awoloka chokwawa. Ndimafuna kuseka, mpata wasowa.

Tapanikizana m'kati ngati usipa m'dengu. Nthawi yosinthana nkhuku yakwana. Ankhoswe akuchimuna amasula tambala wawo, woyera bwino, kuti tonse timuone kunenepa. Phuu pawindo! Khuu m'phula! Wagubuduka, wadzuka ali bii.

Tambala wakuda! Chizindikiro cha chipani chenicheni, chija chili pansalu tinavina nazo dzana, chikuthamanga pamsewu watsopano, ankhoswe awiri ali pambuyo ndi ndodo!

A tcheyamani atulukira. "Mukumenya ndani?" Ndodo zonse pansi. Achimwene mpaka avula chipewa. Kuvulira nkhuku chipewa!

Tambala uja a tcheyamani amunyamula ngati khanda. Akuti akhala mphatso ya Mlendo, ndipo tithokoze kuti nkhaniyi yathera pompa. Tathokoza. Mowomba m'manja! Ine mkati mukuwira kuposa migolo ija.

A ku Khombedza akuti popanda tambala palibe chinkhoswe, ndipo wina sagula chifukwa wawo watayikira pakhomo pathu. Achimwene akuti anamasula ndani? Mawu akwera. Mpunga wonunkha phula uja adya, aliyense kuwonjezera, kenaka anyamuka. Ndi msoti wanga womwe!

Lamulungu

Mlendo sabwera. Akuti ulendo wasinthidwa. Anthu a zipewa apakira zawo apita. Phula lathera pakhomo panga, kupitirira apo ndi fumbi lakale lomwe lija. Ngalande akuti adzakwirira mvula ikatha, mvula yoti sinayambe n'komwe.

Pochokera kutchalitchi ndadzera kuseri kwa a tcheyamani. Fungo la nkhuku yokazinga. Padzala pali nthenga zomata phula. Akazi awo ali pakhonde, akutokosa m'mano. "Mwaswera bwanji, mayi? Msewu wathu mwauona kukongola?"

Ndauona, mayi. Wakongola kwambiri.

Esinati sakundiyankhula. Bambo ake akhala pathabwa, miyendo ili lende m'ngalande, akudikira galimoto yoyamba kudutsa paphula. Mnyamata uja watumiza mawu kuti tisadandaule, agula yekha tambala wina mwezi ukatha.

Ndamubwezera mawu kuti abwere naye wophikaphika.