Mpunga wa ku Jupita

Anzanga, musaone imvizi n'kumaganiza kuti ndinabadwa wanzeru. Pali nkhani imene ndakhala ndikuibisa zaka zonsezi, koma poti amene anaiona ndi maso ambiri anatsogola, lekani ndiulule ndekha.

Nditangomaliza kosi ya uphunzitsi, boma linandichotsa kwathu ku Ntcheu n'kukanditaya pa sukulu ina ya pulayimale pafupi ndi Uliwa, ku Karonga. Zinali zaka zija za chipani chimodzi, pamene munthu ukanatha kuiwala nsapato kunyumba koma osati khadi la chipani. Ndinkaphunzitsa sayansi ku Sitandade 8, ndinali wowonda ngati bango, ndipo mtima wanga unali pa nesi wina wa pachipatala chaching'ono cha m'deralo, Nyachirwa. Ndinamufunsira kamodzi. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Asambizgi, ndi miyendo ya kakowayo mungandinyamulire chiyani?" Asambizgi ndiye aphunzitsi m'Chitumbuka cha kumeneko.

Tsiku lina ndinagula usipa, wogulitsa n'kundikulungira m'tsamba la magazini yakale ya Chingerezi. Ndikudya ndinayamba kuwerenga. Tsambalo linkanena za Jupita, dziko lina lalikulu la kumwamba, komwe mphamvu yokokera zinthu pansi imaposa ya kuno kawiri ndi kanthu. Linkati munthu atakhala kumalo otero, thupi lake likhoza kusintha: mafupa kunenepa, mtima kukula, khosi kufupika, miyendo kukhala ngati mitondo. Mbali ya m'munsi inali itadyedwa ndi mafuta a nsomba, ndiye machenjezo ngati analipo sindinawaone. Ine ndinangoima pa mawu akuti miyendo ngati mitondo.

Ndinaganiza motere: ku Jupita sindingafike, koma kulemera kwake ndingakubweretse ku Uliwa. Kholo lina la ku sikimu ya mpunga ya Hara linali litandipatsa tini ya mpunga wosapuntha. Mchenga unalipo wambiri, waulere, koma ndinasankha mpunga poti sayansi ikatha ndidzadya zipangizo zanga. Mukuona nzeru zake? Ndinapita kwa telala kuti andisokere timatumba: lalikulu lozungulira mimba, awiri a m'ntchafu, awiri a m'akakolo, ndi lina longa vesiti la pachifuwa. Telalayo anafunsa ngati ndi mankhwala a kwathu. Ndinamuuza kuti ndi zinthu zimene sangamve.

Sabata yoyamba ndinkavala m'nyumba mokha, kuzungulira tebulo. Mapazi anatupa, msana unkalira, m'ntchafu munatuluka zidzolo poti mpunga wa makoko umayabwa ngati chitedze. Ndinayeza katumba ka mwendo ndi chingwe n'kupeza kuti kakula pang'ono. Kunali kutupa chabe, koma ndani akanandiuza? Ndinalemba m'kope kuti thupi layamba kuzolowera.

Loweruka ndinati tsopano dziko lindione. Ndinamanga matumba onse, pamwamba n'kuvala buluku lalikulu la kaunjika ndi jekete, mwezi wa Okutobala, ku Karonga, komwe ngakhale mbuzi zimathawira pansi pa nkhokwe. Ndinadziwa kuti Nyachirwa amagula ndiwo pamsika Loweruka lililonse. Pagalasi ndinkaoneka ngati munthu wodya bwino, kungoti mutu unali waung'ono.

Ndisanafike pamsewu waukulu thukuta linali litafika m'nsapato. Ndinkayenda motang'aza ngati bakha. Kenaka ndinamva kaphokoso kumbuyo, kucheuka, nkhuku zitatu. Ndinazithamangitsa, zinabwerera zili zisanu ndi ziwiri, tambala ali patsogolo. Kathumba ka kumwendo wamanzere kanali katabooka, ndipo ndinkafesa mpunga mumsewu wa boma. Munthu wanzeru akanabwerera. Ine ndinati ndifulumire kuti ndizisiye kumbuyo, koma kodi munthu wa ku Jupita amafulumira?

Pakhomo pa msika panali chingwe, ndi amuna awiri a chipani, a malaya ofiira, oona makhadi. Mmodzi anayang'ana mimba yanga nthawi yaitali.

"Asambizgi, khadi lanu. Ndi la mwana ali m'mimbayo."

Masiku amenewo amayi oyembekezera ankagulitsidwadi khadi la mwana wosabadwa, ndiye anthu anaseka mosamala. Inenso ndinaseka, n'kupisa dzanja m'jekete. Apa m'pamene ndinakumbukira kuti khadi lili m'thumba la malaya, pansi pa vesiti ya mpunga. Ndinakankha zala, ndinakoka, ndinapinda phewa, kenaka ndinangomva phwee! Ulusi wa telala uja unagonja. Mpunga unayamba kutsika m'kati mwa buluku n'kumatulukira m'miyendo yonse iwiri ngati pachigayo. Ndinawerama kuti nditseke ndi manja, thumba la pamimba linandikoka, ndinadzandira, n'kugwa chagada. Ndinayesa kudzuka, zinakanika. Ndinkangopalasa m'mwamba ngati kamba wotembenuzidwa, nkhuku zili pachifuwa panga zikudya.

Ndipo pakati pa anthu ondizungulira panali Nyachirwa, atanyamula mpiru.

Anandinyamula anthu anayi kupita nane pansi pa mtengo wa mango, pomwe tcheyamani wa nthambi ya chipani, a Gondwe, ankakhala pa mpando wa ndalema tsiku la msika. Anali munthu wodekha, wolankhula Chichewa pang'onopang'ono ngati akuchiwerenga pa chikwangwani. Anandivula matumba onse n'kuwayala pansi. Muzikumbukira kuti nthawi imeneyo mpunga unali ndi kogulitsa kwake kovomerezeka, ndipo wouzembetsa kupita kutsidya kwa malire ankaona zakuda.

"Aphunzitsi," anatero a Gondwe, "mpunga uwu mumapita nawo kuti?"

Ndikanangoti ndimapita kuchigayo. Koma uphunzitsi ndi matenda. Ndinakonza kolala n'kunena kuti, "Bambo tcheyamani, sindikugulitsa ayi. Ndikukonzekeretsa thupi langa moyo wa ku dziko lina."

Ku Karonga, mtunda wochepa kuchoka kumalire, komwe kutsidya kwake kunkakhala anthu othawa boma amene maina awo sitinkawatchula n'komwe, ine n'kunena kuti dziko lina.

"Dziko lina," anabwereza a Gondwe. "Tafotokozani bwino."

M'malo moti ndione dzenje, ndinaona kalasi. Ndinayamba kuphunzitsa. Ndinati kuli dziko limene lili ndi mphamvu yosaoneka yokanikizira aliyense pansi. Ndinati anthu a kumeneko sangayende choongoka, amayenda mowerama, mutu sautukula, kulumpha sangayerekeze, ndipo amene wagwa sadzukanso. Ndinawonjezera kuti ngakhale kupuma kumene amapuma movutika. Ndikulankhula choncho ndinaona anthu akuchoka mmodzimmodzi, wogulitsa usipa uja akulongedza nsomba zake dzuwa lili pamutu.

A Gondwe anaweramira kutsogolo. "Dziko limenelo, aphunzitsi, mukunena liti?"

Pamenepo m'pamene mawu anga anandifika m'makutu. Ndinaona ntchito ikupita, ndinaona galimoto ija ya apolisi yopanda mawindo, ndinaona mayi anga ku Ntcheu akufunsa anthu komwe ndili popanda wowayankha.

"Jupita, bambo."

"Jupita ali mbali iti ya Mbeya, kutsidyako?"

Ndinaloza kumwamba. Onse anayang'ana kumwamba. Kunali khwangwala mmodzi.

Amene anandipulumutsa ndi ahedi athu, a Msiska, omwe wina anakawaitana. Anafika akupuma mwamphamvu, anagwada pang'ono, n'kuyamba kulankhula Chitumbuka mofulumira. Ndinkangotolako mawu apa ndi apo, koma akuti "mutu uli makora yayi" ndinawamva bwinobwino kuti akunena kuti mutu suli bwino, poti anawanena katatu akuloza ine. Kenaka anatembenukira ku Chichewa kuti nanenso ndimve. Anati anyamata a kumapiri akabwera kunyanja dzuwa limawalowa m'mutu, ndipo ine ndakhala sabata yathunthu ndikuzungulira tebulo ndekha. Ndiye kuti ankandiona pawindo masiku onsewo.

A Gondwe anati pakufunika mawu a wachipatala. Nyachirwa anabwera kutsogolo, anaika mpiru pansi, anandigwira pachipumi, n'kundikoka chikope.

"Adada, ndi zoona," anatero. "Ndinaziona kalekale. Si wandale uyu, ngodwala."

"Aphunzitsi, mukuvomereza kuti mutu wanu sukuyenda bwino?" anafunsa a Gondwe.

Anzanga, ine wa satifiketi, pamaso pa makolo a ana anga a sukulu, pamaso pa mkazi amene ndinkamufuna, buluku ndili chogwirira ndi manja awiri, ndinayankha mokweza kuti, "Ndikuvomereza, bambo. Sukuyenda ngakhale pang'ono."

Mlandu unathera pomwepo. Mpunga wotsala anati ukhala mphatso ya nthambi. Ndinathokoza, ndinathokozanso, n'kuyamba kubwerera chammbuyo. Ndisanapite patali a Gondwe anandiitana. Nkhope yawo inali ya munthu amene akufunadi kudziwa.

"Tandiuzani, aphunzitsi. Anthu a ku Jupitawo, okanikizidwawo, amadandaula?"

"Ayi, bambo. Matupi awo anazolowera."

A Gondwe anagwedeza mutu mokhutira, n'kuyang'ana anthu ochepa amene anatsala.

"Mwamva? Anthu aulemu amenewo."

Ndinakhala ku Uliwa zaka zina zinayi, ndipo mpaka tsiku lochoka ana ankandilonjera kuti a Jupita, makolo awo akundilankhula mofatsa ngati mmene amalankhulira ndi wodwala. Kuyambira pamenepo ndinalumbira kuti sayansi yanga izithera pa nyemba yomera m'chitini. Mwana akandifunsa za kumwamba ndimamuuza kuti kuli mitambo, ndipo zotsalazo akafunse abusa.